Chitete cha bambo ndi kalulu wa Tadala

Mwaswera bwanji nonse.

Mdzukulu wanga Tadala akubwerera ku Blantyre mawa, ndipo wakana kusiya kalulu wake. Tinamuika m'katoni, waboola n'kutuluka.

Ndiye ndatsitsa kudenga chitete cha malemu bambo, chija ankanyamulira nkhuku pa njinga popita ku Migowi. Chada ndi utsi koma chidakali cholimba. Mfundo ya pakhomo pake ndi yomwe anamanga okha, ija anaphunzira kwa asodzi a ku Chilwa. Ndinakhala pansi kaye ndisanaimasule.

Ndayalamo udzu, ndaikamo kholowa. Kalulu wakwanamo bwino, koma wayamba kale kutafuna nsungwi.

Cha bambo chimene chatsala n'chokhachi. Tadala akuti, "Agogo, ndidzabweza." Achemwali, achimwene, nenani. Chipite, kapena mwana alire?