Azakhali Anga a Masitepe

Azakhali anga anagwira ntchito ya umesenjala zaka makumi awiri ndi zitatu m'nyumba ya maofesi yosanja kasanu. Ntchito yawo inali kunyamula mafailo: kukwera nawo kuti akasainidwe, kutsika nawo kuti akadindidwe, nthawi zina n'kukweranso chifukwa bwana wasaina pamalo olakwika. Chikepe chinalipo, chabwinobwino, chagalasi m'kati, koma iwo sankachiponda. Ankati munthu wamoyo salowa m'bokosi n'kudzitsekera yekha. Anzawo anawapatsa dzina loti a Masitepe, ndipo ankavomera.

Anali mayi wamfupi, wa akatumba ngati wosewera mpira. Masitepe onse ankawadziwa pamtima, obenthuka ndi oterera omwe. Nkhani za mu ofesi zinkayenda nawo limodzi. Munthu akakwezedwa pantchito ankamva kwa iwo kalata isanafike, ngakhale ankalumbira kuti chiyambire sanatsegulepo failo ya mwini.

Chaka china anayamba kutsokomola. Kanali kachifuwa kouma, ndipo iwo ankati ndi fumbi la mapepala. Masiketi atayamba kukhwepa m'chiuno anasangalala, n'kumatiuza kuti utsikana wabwerera. Koma kenako anayamba kumaima pansanja yachitatu, n'kumayang'ana pawindo ngati pali chimene akuona kunjako, chonsecho akudikira kuti befu athe. Mapazi anatupa mpaka nsapato kukana. Akagona chagada mpweya unkawathawa, moti anasonkhanitsa mapilo onse a m'nyumba.

"Mayi, atatu onsewa nokha? Ine nditsamire chigongono?" anadandaula amuna awo, omwe anali dalaivala wopuma pantchito.

"Tsamirani nzeru zanu, zachuluka," anayankha azakhali.

Lachiwiri lina m'mawa bwana wamkulu anawapeza atakhala pamasitepe, mafailo ali pamiyendo, thukuta lili kamukamu. Sanawafunse maganizo. Anaitana anthu awiri, anawakhazika pampando wa matayala wa mu ofesi, n'kuwakankhira m'chikepe. Azakhali anatsinzina mwamphamvu.

"Tikafika pansi ndili moyo mundiuze," anatero.

Ine ndinawapeza kuchipatala masana. Dokotala anali mtsikana wowonda, wolankhula mofatsa. Anawapaka mafuta ozizira pachifuwa, n'kumayendetsapo kachipangizo kojambulira uku akuyang'ana pakanema. Anatilozera kanthu kotuwa kakugunda pakati pa mdima.

"Uwu ndi mtima wanu, mayi. Mtima umakhala m'kathumba. Chakuda chazungulirachi ndi madzi amene adzaza m'kathumbamo, ndiye mtima ukusowa malo ogundira. Tiyeza, koma ndikukayikira TB."

"TB si ya m'mapapo, adokotala?"

"Imakonda mapapo, koma imayenda. Mwati ndinu mesenjala? Nayonso ndi choncho, ofesi iliyonse imalowa."

Azakhali anafuna kuseka koma mpweya sunakwane, anangogwedeza mutu. Ine ndinali ndi mantha, sindibisa. Munthu amene sindinamuonepo atakhala pansi mphindi zisanu anali gone pabedi, milomo itauma.

Tsiku lomwelo anawalowetsa singano yaitali m'munsi mwa chifuwa n'kupopa madziwo. Anatuluka ochuluka, pafupifupi botolo lathunthu, amtundu wa tiyi wopanda mkaka. Nesi atawaonetsa, azakhali anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti ndakhala ndikukwera nawo amenewa mpaka pamwamba? Wosandipatsa ngakhale zikomo?"

Anapuma mpweya wautali, woyamba pa miyezi ingapo, n'kupempha chakudya.

Zotsatira zitatsimikiza kuti ndi TB, anawapatsa mankhwala oti amwe tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi. Tsiku lachiwiri anandiimbira foni akunong'ona kuti basi kwawo kwatha, mkodzo wasanduka wofiira. Ndinawakumbutsa kuti nesi ananena kuti mapiritsi ake amatero. Anati nthawi imeneyo iwo ankamvetsera za mayi wa pabedi loyandikana, amene ankakangana ndi apongozi ake.

Amuna awo ndi amene anapatsidwa udindo woonetsetsa kuti mankhwala akumwedwa, ndipo anaugwira ngati apatsidwa unduna. M'mawa uliwonse ankabwera ndi kapu ya madzi, mapiritsi ali pambale, magalasi ali pamphuno.

"Mezani. Tsopano yasamulani ndione."

"Ndine mwana ine?"

"Mwana ndiye amamva. Yasamulani."

Patatha miyezi iwiri thupi linabwerera, ndipo azakhali anauza dokotala kuti achira, mapiritsi otsalawo apatse ena ovutika. Dokotala sanaseke. Anawafotokozera kuti tizilombo sitinathe, tangofooka, ndipo akasiyira panjira kathumba kaja kakhoza kuuma gwa ngati chikopa, n'kumafinya mtima mpaka pofunika opaleshoni. Titafika pageti la kunyumba azakhali anangoti, "Chikopa ayi," ndipo sanadumphitsenso tsiku.

Atabwerera kuntchito anayamba ndi kulowa ofesi iliyonse. Achipatala anali atapempha kuti onse amene ankagwira nawo ntchito ayezedwe, koma anthu ankazengereza. Azakhali anatenga timabotolo ta makhololo m'thumba lawo la mafailo, n'kumagawa tebulo ndi tebulo. Bwana wamkulu anati iye ali bwinobwino, chifuwa chake n'cha fodya.

"Bwana, inu munandikankhira m'bokosi osandifunsa," anatero azakhali, n'kuika kabotolo pamwamba pa nyuzipepala yake. "Mawa ndikapeze kali ndi kanthu."

Anthu awiri anapezeka ndi TB, mmodzi wa iwo mtsikana wotayipa amene ankatsokomolera m'kansalu chaka chonse. Onse anachira. Bwana analibe, koma fodya anachepetsa.

Mafailo sanawalolenso kunyamula. Anawaika patebulo la pakhomo, polandirira alendo, pomwe anakhala zaka zinayi akudandaula kuti nkhani zikuwapeza zitazizira. Chaka chatha anapuma pantchito. Kuchipatala amapitabe kamodzi pachaka kukajambulitsa, ndipo dokotala akuti mtima ukugunda momasuka, kungoti asamangokhala, azichita zolimbitsa thupi pang'onopang'ono.

Iwo anamva mawu oti asamangokhala, enawo anawasiya konko. Sabata yatha nditapita kukawaona ndinawapeza panjira ya kuseri kwa nyumba, bondo lili ndi pulasitala, akuphunzira kupalasa njinga ya mdzukulu wawo. Amuna awo anali atagwira chishalo kumbuyo, akuthamanga mopepera, magalasi ali m'manja.

"Tasiyani, bambo, mukundichedwetsa," ankatero azakhali.

"Ndikasiya mugwa."

"Ndagwa kale kawiri muli chigwirire."

Anawasiya. Njinga inayenda mokhotakhota mpaka pamtengo wa pakona, ndipo azakhali anatsika okha bwinobwino, n'kundikodola kuti ndipite ndikawathandize kuitembenuza.