Ndinadula njira ya kumanda a bambo anga

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu Atate amene wandisungira mpweya kufikira lero, amenenso anandipatsa makolo oopa dzina lake m'dziko la eni. Ndikuthokozanso inu owerenga pondibwereka khutu. Nkhani yanga si ya kuba kapena ya chiwerewere ayi. Ndi ya chala changachi, chimene chinatsetsereka pagalasi la foni n'kudula njira yopita kumanda a bambo anga. Mpaka lero sitinaipezenso.

Ndinabadwira papulazi ina m'chigwa cha Imbeza, kufupi ndi Penhalonga, m'dziko la anthu oyankhula Chishona. Bambo anachokera ku Dedza akadali mnyamata, amayi anabadwira papulazi pomwepo kwa makolo a ku Ntcheu. Kukomboni kwathu Chinyanja ndicho chinali chiyankhulo cha pakhomo, Chishona tinkakachipeza kusukulu ndi kusitolo. Lamulungu tinkapemphera m'shedi yosungiramo feteleza, titakhala pamatumba, bambo akutsogolera nyimbo ndi mawu awo okhuthala aja. Madzulo ankakweza wailesi pamwamba pa mutu, akuzungulira nayo bwalo lonse kuti mwina igwire mawu a kwawo. Tinali osauka, koma sindikumbukira kuti tinkadziwa zimenezo.

Bambo anamwalira nkhani zolanda mapulazi a azungu zisanayambe. Tinawaika kumanda a antchito, kuseri kwa kaphiri, pansi pa mulu wa miyala monga ankaikidwira wina aliyense. Pulazi itasintha manja tinachoka ndi mitolo pamutu n'kukapeza kachipinda m'tauni, kudera la anthu wamba la Sakubva. Achimwene anga, oyamba kubadwa, anatsikira ku Joni. Ine ndinalowa ntchito ya m'nyumba kwa banja lina ku Morningside, dera la opeza bwino m'tauni momwemo, komwe ndikugwirabe. Zaka zinapita osapondako ku Imbeza. Tinkaopa kufunsidwa kuti tikufunanji pamalo a anthu.

Amayi atayamba kufooka, nkhani yawo inali imodzi basi: chiliza cha amuna awo. Ankati munthu amene anasiya kwawo n'kudzafera kutali asakhalenso wopanda dzina pamutu pake. Achimwene analonjeza kuti adzagula mwala. Anali atanditumizira foni yojambula bwino, ndiye anandiuza kuti ndipite ndi amayi akandilozere pamalopo, ndipo ndijambule kanema kuyambira potsikira minibasi, imene kuno timati kombi, mpaka pamanda, kuti tsiku lobwera ndi amisiri tisadzasokere.

Tinapita m'chilimwe, udzu utapsa. Inu owerenga, sindinawaonepo amayi akuyenda mwamphamvu ngati tsiku limenelo. Malo onse anali atasintha. Komboni kunalibenso, kumtunda konse anadzalako bulugamu m'mizere yofanana ngati mano a chipeso. Koma iwo ankayenda ngati akupita kukatunga madzi. Ankaloza ndi ndodo, akuyankhula okhaokha, ine ndikutsatira ndi foni m'mwamba. Apa panali dibi ya ng'ombe. Apa ndi pamene achimwene ako anagwera m'ngalande atavala yunifolomu yatsopano. Chitsa ichi ndi cha mango amene anadzala bambo ako iwe uli kumsana. Ukafika pachulu ichi usapitirire, khotera kumanzere, utsike mpaka pamwala wong'ambika pakati.

Pena anatembenuka n'kundipeza foni ndaloza pansi. "Iwe, ukujambula njira kapena zidendene zanga? Zang'ambika kale izi, achimwene ako akuzidziwa." Ndinaseka mpaka chithunzi chinagwedezeka. Anaimbanso kanyimbo kamene akazi a kukomboni ankaimba popita kokapalira, kamene ine ndinali nditakaiwala kalekale.

Pamanda tinapeza milu yambiri ya miyala, ina itamira m'nthaka, mitengo itamera pakati pake. Amayi sanazengereze. Anapita molunjika pamulu wina, anagwada, anachotsa masamba ndi manja, n'kuyamba kupemphera. Anatchula ana ndi zidzukulu mmodzimmodzi. Anauza bambo kuti ana awo sanawaiwale. Pemphero limenelo linandilasa mtima, ndipo ndinajambula lonse misozi ikutsika.

Mawa lake, nditamaliza kukolopa kuntchito, ndinakhala pakhonde la kuseri kuti nditumize kanemayo kwa achimwene pa macheza a pafoni aja timatumiziranapo mauthenga ndi zithunzi. Foni inakana. Inalemba m'Chingerezi kuti kanemayo ndi wamkulu kwambiri, wapitirira muyezo wololedwa. Ndinayesanso, yankho lomwelo. Ndinaganiza kuti vuto ndi netiweki, ndinakaima kugeti, ndinazimitsa foni n'kuyatsanso, koma ayi ndithu. Kenaka ndinaona kuti pamwamba pa kanemayo pali kamzere ka tizithunzi ting'onoting'ono, kokhala ndi zogwirira mbali zonse ziwiri, ndipo ukakoka chogwirira chimodzi kanemayo amafupika. Ndinasangalala ngati ndatulukira nzeru ya zaka.

Tsono panafunika kusankha chotsala ndi chochoka. Ine monga munthu wopemphera sindinaganize kawiri. Ndinati chamtengo wapatali ndi pemphero la amayi, zinazi ndi kuyenda chabe, fumbi ndi mitengo. Ndinakoka chogwirira chija kuchokera koyambirira, ndikuona dibi ikudutsa, chitsa cha mango chikudutsa, chulu chikudutsa, mpaka panatsala amayi atagwada. Pamenepo foni inavomera ndipo kanema anapita.

Achimwene anaimba foni akulira. Atatonthola anafunsa, "Nanga njira ija, chemwali?" Ndinawayankha kuti ili m'foni mwanga yonse, asade nkhawa, tidzaonera limodzi akadzabwera. Tsiku limenelo ndinkanena zoona.

Patapita miyezi foni inayamba kudandaula kuti yadzaza. Nyimbo za kwaya yathu zinkakana kulowa, ndipo tinali kukonzekera msonkhano wa amayi a chigawo. Foniyo inandionetsa zinthu zimene zikudya malo ambiri, ndipo pamwamba penipeni panali kanema wa ku Imbeza. Mumtima ndinati, uyu ndinatumiza kale kwa achimwene, ali m'macheza athu, ndikamufuna ndidzamupeza momwemo. Ndinaiwaliratu kuti chimene ndinatumiza chinali mchira wokha. Ndinafufuta, nyimbo zinalowa, ndipo ndinapita kukwaya mtima uli mbee.

Amayi anatisiya mvula ya chaka chomwecho itangoyamba. Tinawaika kumanda a m'tauni. Achimwene anabwera pamaliro n'kubwerera msanga chifukwa cha ntchito, ndipo za kanema sitinakambe. Chaka chotsatira anabweranso, ulendo uno ndi mwala wakuda wosalala, dzina la bambo litalembedwa bwino, pansi pake mudzi wa kwawo ku Dedza. Titakhala pansi anati nditsegule njira ija tiione. Ndinatsegula macheza athu, ndinakwera m'mwamba kufunafuna, ndinampeza kanemayo. Anayambira pa amayi atagwada. Ndinafufuza m'foni monse, ngakhale kumene zofufutidwa zimayamba zakhala, koma kunali kutayera kale. Wokonza mafoni m'tauni anaiyang'ana n'kupukusa mutu.

Tinapitabe, ine ndikudzilimbitsa mtima kuti mapazi anga adzakumbukira. Koma tsiku lija ndinkayenda maso ali pagalasi la foni, osati panjira. Ndiponso tinapeza bulugamu uja atadulidwa, zitsa zitatenthedwa, mathirakitala atatsegula misewu yatsopano, mbande zina zitadzalidwa kale. Dibi tinaipeza. Kuchokera pamenepo chulu chilichonse chinkaoneka ngati chomwe chija. Tinazungulira mpaka dzuwa linapendeka, ndipo mothandizidwa ndi mayi wina wotola nkhuni tinafika pamalo a milu ya miyala. Koma mulu wake uti? Tinaonera kanema uja mobwerezabwereza. Akuonetsa nkhope ya amayi, manja awo, masamba ouma, ndi mitengo kumbuyo imene kulibenso.

Ine ndinaloza mulu wina n'kunena kuti mwina ndi uwu. Achimwene anatembenukira kwa ine. "Mwina? Chemwali, ukufuna bambo a eni ake adzuke tsiku lomaliza atasenza dzina la bambo athu?" Sanakalipe. Anavula chipewa, anapemphera pamilu yonse pamodzi, ndipo tinabwerera. Akuluakulu amene anakumba nawo manda aja anamwazikana kalekale, ena ku Mozambiki, ena kumigodi, ambiri anagona. Tafunsa amene tikanatha kuwafunsa.

Mwala uja uli m'chipinda mwanga ku Sakubva, wotsamira khoma, wokutidwa ndi chitenje cha amayi. M'mawa uliwonse ndikamasesa ndimauzungulira.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti njira yotumizira kanema yense inalipo. Mnzanga wa kukwaya anadzandionetsa pambuyo pake, ndipo sizinatenge nthawi. Foni ikakana kuti kanema wakula, mungathe kumutumiza ngati dokumenti m'malo momusankha pa zithunzi, ndipo nthawi zambiri amapita wathunthu. Zikakanikabe, mutumizeni m'zidutswa, choyamba, chachiwiri, mpaka chomaliza, osasiyako ngakhale chimene mukuchiona ngati chopanda ntchito. Mungathenso kumusunga pa kakhadi ka m'foni kapena pa kompyuta ya munthu amene mumamukhulupirira. Ndikanangofunsa. Koma ndinadziyesa wanzeru, ndipo wodziyesa wanzeru safunsa njira.

Inu owerenga, makamaka inu ana a m'mapulazi amene makolo anu agona m'minda ya anthu ena, ndikukupemphani m'dzina la Ambuye. Chimene mwatumiza mutachidula si chimene munajambula. Musafufute choyambirira musanamufunse wolandirayo kuti watsegula ndipo waona kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Foni ikadzaza, chotsani nyimbo ndi nthabwala zimene mungazipezenso mawa, osati mawu a munthu wokalamba. Ndipo kholo likamakulozerani malo, tsitsani foni kanthawi, muyang'ane ndi maso anu, mubwererenso kachiwiri ndi m'bale wanu kholo likadali moyo. Ine ndinasunga pemphero n'kutaya njira, osadziwa kuti pemphero Mulungu anali atalisunga kale kumwamba, koma njira anaisiya m'manja mwanga.

Chimanditonthoza n'chakuti ngakhale mtumiki wamkulu uja amene anatsogolera anthu m'chipululu anaikidwa m'chigwa pamalo amene munthu sawadziwa, koma Mwini wake sanamutaye. Bambo anganso lipenga likadzalira sadzafuna mwala kuti adziwike. Komabe lonjezo limene tinapereka kwa amayi silinakwaniritsidwe, ndipo chifukwa chake ndine.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani, inu ndi ana anu. Akupatseni makutu omva okalamba anu akadali nanu, ndi mtima wodekha pamene chala chikufuna kufulumira. Asunge malo amene okondedwa anu agona, ngakhale amene inu simungawalozenso, ndipo mtendere wake ukhale pa nyumba zanu. Ameni.