Tsiku Limene Bambo Anayimbanso

Bambo anga anali katekisiti wa tchalitchi chofolera udzu kumtunda kwa Mtakataka, ndipo mawu anali nawo. Akayambitsa nyimbo pamaliro, ngakhale ogontha ankatsatira. Mayi ankawaseka kuti Mulungu atawamana ndevu anawalipira pakhosi.

M'masiku a chipani chimodzi, mlimi wina wa m'mudzi mwathu anafera m'manja mwa apolisi. Mtembo unabwera ndi lamulo lakuti munthuyu anali woukira boma, choncho pasamveke kulira kapena nyimbo. Sanali wa mpingo wathu n'komwe. Koma bambo anati, "Wokwiriridwa mwakachetechete ndi galu. Uyu ndi munthu, anamuumba Mulungu." Anaima pamanda n'kuyimba okha, mkazi wa malemuyo akulirira m'chitenje. Pasanapite nthawi, galimoto inabwera kudzawatenga.

Anapita ndili ku pulayimale, anabwerako nditayamba kale maphunziro a unamwino. Anatsika basi pa Golomoti ali mafupa okhaokha, mano akutsogolo palibe. Anthu amene ankatilambalala panjira zaka zonsezo anayamba kubwera ndi "mwabwerako bwanji" wawo, ngati bambo anali ku Joni. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Koma chimene chinkandiopsa chinali china: bambo sankayimbanso. M'tchalitchi ankakhala kumbuyo, pakamwa pali tseke. Mphepo ikamenyetsa chitseko, ankanjuta pansi manja ali pamutu. Za kundende ananenapo kamodzi kokha, akupalira chimanga ndi mayi: "Kumeneko nyimbo iliyonse inali ndi chikoti chake." Ndinkaopa kuti boma latibwezera thupi lokha, munthu weniweniyo linamusunga.

Kenako mayi wamasiye uja anamwalira. Chipani chinali chikulamulabe, ndipo aliyense ankakumbukira zimene nyimbo ya pamaliro a mwamuna wake inadzetsa. Mayi anagwira bambo pamkono. "Bambo a ana, musapiteko. Kamodzi kaja n'kokwanira." Iwo anangovala jekete. Ife tinawatsata pambuyo, mayi akung'ung'udza njira yonse.

Kumanda kunali zii. Adzukulu anatsitsa bokosi n'kuima ndi makasu awo, akudikira. Oyimba odziwika a m'mudzimo anapezeka kuti onse akuyang'ana zala zakumapazi. Ndiye ndinamva bambo akutsokomola. Mawu anatuluka osasa, onjenjemera, mpweya ukuthawira pomwe panali mano. Anayimba mzere woyamba okha. Woyamba kuvomera anali mayi, omwe aja oletsa. Amayi ena anatsatira, kenako manda onse. Ine sindinathe kuyimba, ndinkangolira.

Maliro atatha, tinauyamba ulendo wobwerera. Tili pafupi ndi kwathu, mayi anati, "Komatu mwayimba moipa, bambo inu."

Bambo anaima panjira n'kuseka, nkhama zili poyera, osabisa pakamwa. Ndi tsiku limenelo pamene anatuluka kundende.