Ndinangoperekeza Mlendo

Ku Dubai amati kumazizira kuyambira mu Disembala. Ine wokulira ku Dedza ndinkangoseka chamumtima kuona anthu atadzikuta majekete ndi zipewa pa kamphepo kamene kwathu timachapa nako zovala pamjigo mmamawa. Komabe imeneyo ndiyo nyengo ya alendo, chifukwa miyezi ina yonse dzuwa la kumeneko silifuna munthu panja.

Ndinkagwira ntchito yolera mwana ku Al Garhoud, pafupi ndi bwalo la ndege, m'nyumba ya pansanjika yachinayi. Mliri wa korona utangoyamba, Madamu anandiletsa kutuluka, ndipo ofu yanga ya Lachisanu inathera pomwepo. Sindinganame kuti anali munthu woipa. Mwana wawo anabadwa ndi chifuwa chobanika, ndipo mayiwo ankachita mantha enieni. Koma ine ndinakhala miyezi isanu ndi inayi osaponda pansi. Dziko langa linali khitchini, chipinda cha mwana, ndi kachipinda kanga ka kuseri kwa makina ochapira, komwe kawindo kake kanayang'ana khoma la nyumba ina.

Achemwali anga, amene ndinapondana nawo, ankakhala ku Deira, masiteshoni ochepa chabe pa sitima ya Metro. Hotela imene ankagwirako ntchito inatsekedwa, anadikira mpaka kutopa, ndipo anagula tikiti yobwerera kumudzi mu Januwale. Amayi athu sankakhulupirira zithunzi za pa foni. Ankati pa foni aliyense amaoneka wonenepa. Anawalamula achemwali kuti asakwere ndege asanandione ndi maso awo, n'kundigwira mkono, kuti akafotokoze zoona ngati ndili bwino. Nanenso ndinkawafuna koopsa. Ndinapempha Madamu kwa milungu iwiri, mpaka anavomera: Lachisanu lomaliza achemwali asananyamuke, adzanditenga okha pa galimoto kuti tikaonane panja, titavala masiki.

Masiku omwewo kunabwera mlendo, azakhali awo a Madamu, mayi wachikulire wothawa chisanu cha kwawo. Madamu analemba mndandanda wa zoti mlendoyo akaone n'kuumata pa firiji. Mndandanda umenewo ndinauloweza ngati katekisimu, popeza ndinkatsegula firijiyo kosawerengeka tsiku lililonse. Kukwera abra, kabwato kamatabwa kooloka khwawa la nyanja limene lagawa tauni yakale pakati. Kuyenda mumsika wa zokometsera ndiwo. Msika wa golide. Nyumba zakale za nsanja zokoka mphepo. Kumwa tiyi m'mbali mwa madzi, kuponyera mbalame zoyera nyenyeswa za buledi. Msika wa nsomba, koma mmawa.

Azakhaliwo ankapita tsiku ndi tsiku. Ine ndinkawalongedzera madzi ndi juzi, madzulo n'kuwalandira zikwama zonunkha sinamoni ndi lubani. Ankandionetsa zithunzi, ine n'kumayang'anitsitsa anthu a kumbuyo kwawo, mwina n'kuonamo achemwali akudutsa. Zinkandiwawa, ndisabise. Munthu woti wakhala tsiku lonse akukhulana mapewa ndi anthu mumsika ankafika n'kunyamula mwana, pamene ine amene sindinkadziwa n'komwe mtundu wa geti yathu ndi amene ndinkaopedwa kuti ndibweretsa matenda. Koma mkwiyo wa wantchito umathera pa mbale zotsuka. Ndiponso azakhaliwo anali abwino mtima. Tsiku lina anandibweretsera kampango ka buluu, n'kundifunsa kuti, "Iwe abra unakwerapo?" Nditayankha kuti ayi, anayang'ana Madamu, Madamu n'kuyang'ana foni yawo.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tsiku lawo lonyamuka linali Lachiwiri masana, kutatsala masiku atatu kuti ine ndikaonane ndi achemwali. Madamu anatsanzikana nawo pakhomo, kupsompsonana masaya, kenako mwana analira m'chipinda ndipo anathamangira komweko. Mayi wachikulireyo anatsala yekha kunja kwa chitseko ndi sutikesi yaikulu.

Kwathu mlendo satsanzikidwa pakhomo. Umamunyamulira katundu, kumuperekeza mpaka pamphambano, ndipo ngati nkhani yakoma mumafika kutsidya kwa dambo. Kumutsekera chitseko kumbuyo ndi kumupirikitsa. Zimenezi sindinachite kuziganiza, manja anangogwira okha sutikesi ija. Ndinati ndingowafikitsa pa lifiti. Lifiti itatseguka ndinati ndingowatsitsira pansi. Pansi tinapeza kuti takisi yaphonya geti, yakaima kumapeto kwa msewu pafupi ndi golosale. Tayala limodzi la sutikesi linali lothyoka, ndiye ndinangoisenza pamutu ngati thumba la chimanga, azakhali akuseka pambuyo panga, amuna amene anali pamzere pagolosale akucheuka.

Kamphepo kanandiwomba kumaso. Ndinamva fungo la fumbi ndi la buledi wotentha. Mayiwo anandikumbatira, analowa m'takisi, ine n'kuima kubayibitsa mpaka galimoto itakhota. Ndipamene ndinagwira kukamwa n'kuzindikira kuti kamphepo kaja ndakamva bwino chifukwa ndinalibe masiki.

Madamu ndinawapeza ataima pakhomo, botolo lopopera mankhwala lili m'manja. Anali atandiona pawindo.

"Ndani anakutuma?"

"Palibe, Madamu. Ndimangowaperekeza."

"Kuwaperekeza kuti? Njira sakuidziwa? Wadutsa pakati pa anthu onse aja kukamwa kuli pululu. Ukufuna kundiphera mwana?"

Ndinayesa kufotokoza kuti ndi mwambo wa kwathu, koma mawu ake m'Chingerezi ankamveka ngati bodza la mwana wasukulu. Anandipopera kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Khalas, nkhani yatha. Masiku khumi m'chipinda mwako. Chakudya uzichipeza pakhomo."

"Nanga Lachisanu, Madamu?"

"Lachisanu walitaya wekha."

Ndinagwada, ine mayi wa ana awiri, pa matailosi onyowa ndi mankhwala. Sizinathandize.

Achemwali nditawaimbira n'kuwafotokozera, anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Iwenso nawe, mng'ono wanga. Kuperekeza mlendo ku Dubai? Waona ngati uli kwa Kachindamoto?" Ndinalira, iwo n'kundisiya ndilire. Kenako anati, "Basi, pukuta misozi. Flight yanga ndi Saturday afternoon. Ndidzadutsa konko, inshallah, mwina adzakulola ngakhale pa balcony."

Anabweradi Loweruka mmawa. Khonde la m'mwambalo, balcony ija, linali ku chipinda chochezera, kumene mwana ankasewera, ndiye Madamu anakana. Tinalankhulana pa foni, iwo ali pageti, ine nditakhala pabedi, pakati pathu pali nsanjika zinayi zokha. Ndinkamva hutala ya galimoto imodzimodziyo kawiri, pawindo ndi m'foni.

"Ndiye amayi ndikawauze chiyani?" anandifunsa.

"Mukawauze kuti munandiona, ndanenepa."

"Ndikawanamize amayi?"

"Eya, achemwali. Mukawanamize."

Anati andisiyira kaphukusi kwa mlonda wa pageti, ndipo ndisachedwe kukatsegula. Kenako takisi yawo inafika. Ndege zochoka pabwalo lija zinkadutsa pamwamba pa nyumba yathu tsiku lonse, ndipo masana amenewo ndinamvetsera iliyonse, osadziwa kuti yawo ndi iti.

Kaphukusiko Madamu anakalandira atavala magolovesi. Lamulo la m'nyumbamo linali lakuti chilichonse chochokera kunja chizigona pakhonde masiku atatu, koma aka, poti kachokera m'nyumba yogona anthu ambiri ku Deira, anati kadikire mpaka ine nditatuluka. Ndinapempha kuti angokaika mufiriji. Anati firiji ndi ya chakudya cha mwana.

Tsiku lotuluka ndinapita molunjika kukhonde. M'kaphukusi muja munali chigumu, chokulungidwa m'pepala ndi m'chitenje chawo chakale. Achemwali anali atasunga ufa wamgaiwa wotsiriza umene wina anawabweretsera kuchokera kumudzi, ndipo anaphika pa kasitovu ka m'chipinda chawo, moto pansi, monga ankachitira tili atsikana. Pamwamba ponse panali patachita nkhungu yobiriwira.

Ndinatenga mpeni, ndinasenga nkhunguyo mbali zonse mpaka panatsala kachidutswa ka pakati kokwana m'dzanja. Kanali kowawasa. Ndinakhala pansi pakhondepo n'kudya konse.