Bwezani hita yogona ya anaBanda

Hita ya mkazi wanga ili pansi pa tebulo mu shopu ina ya zamagetsi pa Kasungu boma, ikutenthetsa mapazi a munthu wina. Ndaiona ndi maso angawa. Koma eni shopu akuti inapita ku Lilongwe.

Ine ndine wa kwa Kaomba, ndinapuma ntchito ya ukalaliki pa esiteti ya fodya. AnaBanda, mayi a kunyumba kwanga, ali ndi nyamakazi m'mawondo. Pampando sakhala. Chikwatirane, malo awo ndi pamkeka, miyendo atatambasula, lichero la mtedza lili pambali. Ikafika Juni mawondo aja amatupa. Ndiye tinali ndi hita yogona, yotalika cham'mbali, msinkhu wake wosapitirira katumba. Inkakhala m'mphepete mwa mkeka. Mwendo wake umodzi unathyoka kalekale, ndinaumanga ndekha ndi waya wofiira.

Ine ndinkadana nayo. Ndinkapunthwa nayo, komanso alendo akabwera inkaoneka ngati chitsulo chotola.

Ndalama za fodya zitatuluka ndinalowa mu shopu ija kukagula babu. Babu basi. Wogulitsa, bambo wa tayi yobiriwira, anandikokera pakona n'kundionetsa hita yoimirira, yaitali, yopyapyala ngati thabwa, yokhomera kukhoma. Anati zogonazo n'zachikale, iyi sidya malo, ndipo nyumba yonse izifunda ngati balani ya fodya. Ndinamuuza kuti nyumba yanga ilibe siling'i, pamwamba ndi malata okhaokha. Anaseka. Anati zimenezo zilibe kanthu, ndingopereka yakaleyo anditsitsire mtengo. Lisiti ndili nalo, ndipo dzanja lake linalembapo kuti tasinthana.

Amisiri awo anabwera mawa lake. Anaboola khoma, n'kuikhoma kumunsi kwake kuli m'chiuno mwanga, ati waya wafupika. Nditafunsa ngati sinakwere kwambiri, anati m'mahotela imakhala chomwecho. Kodi kwa ine kuno ndi kuhotela?

Akunyamula yakale ija, anaBanda anafunsa chapansipansi: "Abambo, imeneyonso ikupita?"

Ndinawayankha kuti asadandaule, izi n'zamakono. Kukambirana kwathu konse kunathera pomwepo.

Apa ndi pamene pakundiwawa. Ndakalambira pafupi ndi mabalani. Ndikudziwa kuti kutentha kumathamangira kumwamba, n'chifukwa chake mapaipi a m'balani amagona pansi. Koma tayi ija inandigonjetsa. Ndikaimirira pafupi ndi hita yatsopanoyo nkhope inkafunda, ine n'kumati tagula chinthu. Abuluzi a kudenga ayenera kuti akundithokoza mpaka lero. Pansi pasimenti, pamene pali mkeka, panali pozizira ngati m'dambo.

Ndinangoona anaBanda ayamba kuvala masokosi anga, ndipo ndinawaseka.

Lachitatu m'mawa ndinapita ku msonkhano wa akulu a mpingo. Pobwera ndinapeza chitseko chotseka, mawindo otseka. Mkati, mbaula ya makala ili pamalo pomwe pankakhala hita yogona. Mtedza uli mbwee pansi. AnaBanda atagona cham'mbali, atasanza, osatha kudzutsa mutu. Mnansi wathu ndiye anatithamangitsira kuchipatala pa galimoto yake. Namwino anandifunsa kuti ndani amasiya munthu wamkulu ndi makala m'nyumba yotseka. Ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Atatsitsimuka ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze kuti akuzizidwa.

"Munaikonda, abambo. Ndikanati chiyani?"

Loweruka ndinabwerera ku shopu, lisiti lili m'thumba. Wa tayi uja anafunsa ngati hitayo ikuyaka. Ndinati ikuyaka. Anati ndiye vuto n'chiyani, madala? Nditafotokoza za mkeka, anati ndiwagulire mayiwo mpando. Nditamukumbutsa za siling'i, anati akudziwa kalipentala wabwino, andipatse nambala. Munthu wanga wangotuluka m'chipatala, iye akundipezera kalipentala.

Ndinati chabwino, tengani yanu, mundibwezere yanga, za ndalama tisakambe n'komwe. Anati katundu akatuluka sabwerera, ndipo yakaleyo inapita ku Lilongwe limodzi ndi zitsulo zakutha. Ndinapempha kuonana ndi bwana. Ati ali ku banki. Mpando wodikirirapo panalibe, anandilozera katoni ya mawaya.

Ndinakhala pakatonipo, pansi penipeni, kwa nthawi yoyamba m'nkhani yonseyi. Ndili pamenepo ndinaona kunsi kwa tebulo la mayi wolandira ndalama. Nsapato atavula. Mapazi atasanjika bwinobwino. Kutsogolo kwake hita yogona ikuyaka, mwendo umodzi womanga ndi waya wofiira.

Ndinaloza. Mayiyo anati mahita amafanana, uku akuikankhira mkati ndi chidendene. Amafanana mpaka mfundo ya waya imene ndinapota ndi pulayala yanga? Kodi Lilongwe anasamukira pansi pa tebulo lanu? Ndipo ngati yoimirirayo ili yabwino chotero, bwanji inuyo simuotha yomweyo? Mahita oimirira adzaza pakona, ali m'mapulasitiki.

Bwana sanabwere mpaka anatseka.

Anzanga, mlandu waukulu ndi wanga, sindikuuthawa. Musanasinthe kanthu m'nyumba, yambani mwakhala pamene amakhala mnzanuyo. Dzulo ndinakhala ndi anaBanda pamkeka. Tiyi asanazizire, mawondo anga anali atayamba kale kubaya. Iwo anangosendera, n'kundifunditsa theka la bulangeti lawo. Kukanakhala bwino akanandikalipira.

Koma inu a shopu, gawo lanu mulisenze. Hita yanu yaitali ndaizula kukhoma, ndaikulunga m'chiguduli. Lolemba ndikubwera nayo, ndipo ndidzakhala pakatoni pomwe paja mpaka mundipatse ya waya wofiira. Mayi a pakauntala, mudzabwere ndi masokosi.