Nkhokwe Yopendama ya a Isake

Amuna anga a Isake anali munthu woti ukawayamika, amayamba kufunafuna pamene alakwitsa. Kwawo kunali ku Nathenje, ndipo anabwera chikamwini m'mudzi mwathu, kufupi ndi Mitundu, mu 1954. Anali amanzere. Bambo awo ankawakwapula dzanja limenelo kuyambira ali mwana, n'kumawauza kuti munthu wogwira zinthu mokhota sadzasunga banja. Bambowo anamwalira kalekale, koma mawu awo a Isake anabwera nawo ku ukwati.

Kwathu mkamwini watsopano amadziwika ndi nkhokwe. Akaluka yabwino, anthu amati mwana wathu wapeza mwamuna. Akalephera samuthamangitsa tsiku lomwelo, koma nkhani yake imayenda kuchitsime ndi pamtondo. A Isake ankadziwa zimenezi, ndipo chakudya chinasiya kuwalowa.

Nsungwi anakadula okha ku Dzalanyama, ulendo wa masiku atatu, n'kubwera mapewa atasupuka. Analuka nkhokwe yoyamba sabata yathunthu. Ine ndinaiona yabwinobwino, kungoti inapendamira pang'ono kumanzere, ngati mwiniwake. Ndinaseka powauza zimenezo, ndipo pamenepo ndinalakwa. M'mawa mwake anaigubuduza kukaitaya kuthengo, kuseri kwa chulu. Yachiwiri anaimasula itafika m'chiuno. Yachitatu sinafike n'komwe m'mawondo.

Nthawi yonseyo chimanga chathu chinali pamikukwe kumunda, chiswe chikuchita phwando. Anzathu onse anali atatuta. Ndinkati ndikapita kukaona, mtima unkandiwawa, chifukwa ndinali ndi pakati ndipo chimanga chimenecho ndicho chinali chakudya chathu cha chaka chonse. Ndinawakalipira, ndinawanyengerera, ndinaliranso, koma iwo ankangoyang'ana dzanja lawo lija.

Chimene chinkawasautsa kwambiri chinali mayi anga, a Martina. Paja mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake. Akakumana panjira, wina amapatukira patchire, ndipo kuseri kwa nyumba ya apongozi mkamwini sapondako. Aliyense amadziwa kuti umenewo ndi ulemu, a Isake omwe ankadziwa. Koma mayi akapatuka, iwo ankabwera kunyumba thukuta lili kamukamu, n'kumati apongozi apatuka mofulumira kuposa dzulo, ndiye kuti atopa nane. Ndinkawafunsa kuti kodi kufulumira kwa munthu mumakuyeza ndi chiyani.

Tsiku lina ndinawauza kuti mayi ndi ang'ono awo anakatola nkhokwe yotayidwa ija, anaikhazika kuseri kwawo, anaimata n'kuthiramo mtedza. Sanakhulupirire. Ankati ndikuwatonthoza ngati mwana amene wagwa, ndipo kukaona okha sakanatha chifukwa cha mwambo uja.

Kenaka ndinamva kwa achimwene anga a Yona kuti a Isake akufunsafunsa za galimoto ya Mthandizi, yotenga anthu okagwira ntchito ku Halale. Amuna ambiri a kwathu amene anakwera galimoto imeneyo ankatha zaka osabwerera, ena mpaka lero. Nditawafunsa a Isake anavomera, n'kunena kuti kuli bwino achoke okha asanachotsedwe, kuti ine ndipeze mwamuna wa manja owongoka. Akuluakulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Wanga ankaterereka popanda womugwira molimba.

Lachiwiri m'mawa anamanga bulangete ndi malaya awo awiri. Sindinalire. Ndinawagwira dzanja lamanzere lomwelo n'kuwakoka kudutsa pabwalo, anthu akuona. Ankakana, akunong'ona kuti ndiwachititsa manyazi, koma mkazi wapakati salimbana naye. Mayi atationa tikubwera anathawira m'nyumba n'kutseka chitseko.

Kuseri kuja nkhokwe inali chilili, yomatidwa bwino, denga lake latsopano, mtedza uli tho. A Isake anaizungulira kawiri. Anaigwedeza, osagwedezeka. Ine ndinkayembekeza kuti amwetulira, koma ayi, maso awo anali atapeza kale chimene ankafuna.

"Yapendama," anatero chapansipansi.

Mayi sakanatha kuwayankha iwowo, choncho analankhula kwa ine ali m'nyumba momwemo, mokweza ndithu.

"Zipora, uwauze amuna akowo kuti kupendama tinakuona tonse. Mtedza sunadandaule. Uwauzenso kuti chiswe kumunda sichikudikira nkhokwe yowongoka."

Sindinabwereze, chifukwa anamva okha. Ine mantha anandigwira kuti mwina mawu aja awalasa m'malo mowachiritsa. Kenaka anandipatsira mtolo wawo uja kuti ndiwanyamulire, n'kufunsa ngati nsungwi zotsala zija ndinazisunga pamthunzi.

Chimanga tinapulumutsa choposa theka. Chinacho chiswe chinadya, ndipo mwezi wa February tinagonapo ndi njala masiku angapo. A Isake anayamba kudziimba mlandu, koma ndinawaletsa, ndinati mlandu umenewo tagamula kale.

Sindinganame kuti nkhawa inawathera. Anakalamba nayo. Analuka nkhokwe zambiri m'mudzi muno, za ife ndi za anthu ena, ndipo iliyonse akamaliza ankaizungulira kawiri, nkhope itakwinyika, dzanja likuyabwa kufuna kumasula. Kenaka ankalibisa kumbuyo dzanjalo, n'kudziuza okha kuti yapendama, koma tithiremo.