Tsiku Limene Nyenyezi Zinasiya Kukhala Ufa

Ndikukumbukira kuti ndili mwana, nyenyezi ndinkaziona ngati ufa wotayikira pansalu yakuda. Ndinkayesa kuti aliyense amaziona choncho. Pabolodi napo zinali chimodzimodzi: aphunzitsi akalemba, ine ndinkangoona choko chopakapaka. Nditabwereza Sitandade 4, bambo ananena kuti chaka chikatha ndisiye sukulu, ndizikathandiza amayi kudimba, poti mutu wanga unali wouma.

M'nyengo yozizira chaka chomwecho, a Phiri, mphunzitsi wathu, anabwereka telesikopu kusekondale ya kuboma. Anatiuza kuti tibwererenso kusukulu dzuwa likangolowa. Tinafola pabwalo la mpira titafunda zitenje, mphepo ikuluma m'makutu, utsi wa mapesi ukununkhira kuchokera m'minda. Chinthucho chinali ngati paipi ya pamjigo, koma cha miyendo itatu.

Anzanga ankati akasuzumira, n'kuyamba kuseka ndi chimwemwe. Ine nditaika diso, ufa womwe uja. Ndinanena chapansipansi kuti sindikuona kanthu. A Phiri sanakalipe. Anayamba kupotokola kachitsulo kam'mbali pang'onopang'ono, mpaka ufa uja unasanduka timadontho takuthwa ngati nsonga za singano. Pakati pake panatsala kamodzi kambuu, kotalika ngati lichero ukaliona cham'mbali.

"Aka kokha kakukana, aphunzitsi."

"Ako n'kotero, mwanawe. Ndi mlalang'amba, mudzi wa nyenyezi zosawerengeka, uli kutali zedi. Bambo amene anayamba kuuona kalekale, pa telesikopu ya makedzana, anangoti ndi kamtambo."

Ndinawamvera chisoni bambo amenewo. Mumtima ndinati nawonso ayenera kuti anabwereza kalasi.

Mnzanga Chikondi atasuzumira pambuyo panga, anadandaula kuti ndaononga makina, palibe chikuoneka. A Phiri anasuzumiramo, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali. M'mawa mwake anali pakhonde pathu, akuuza bambo kuti vuto si mutu ayi, ndi maso. Magalasi anga oyamba anachokera kuchipatala cha mishoni, aakulu kuposa nkhope, moti anyamata ankanditcha kadzidzi. Koma Sitandade 8 ndinamaliza.

Lero kuno ku Mankhool, mumzinda wa kutsidya kwa nyanja kumene ndikugwira ntchito yolera ana a eni, nyenyezi sizioneka. Magetsi ndi fumbi zinazimeza. Mwana wa madamu amaona milalang'amba pa tabuleti, yowala bwino, osafola, osazizidwa, n'kungoti "khalas", ndiye kuti basi m'chinenero cha kuno, n'kubwerera ku makatuni ake.

Lamlungu lapitali ndinaimba vidiyo kwa mwana wanga Tadala, amene akukhala ndi achemwali anga ku Dedza. Ndinamuona akufinya maso, foni ataifikitsa pamphuno. Achemwali anati sukulu ikumuvuta, mwina ndi ulesi.

"Musamukalipire, achemwali," ndinatero, ndikukankhira magalasi anga m'mwamba. "Mawa mupite naye akamuyeze maso."